Pamene Tinachapa Pamanja ku Falls Church

Nsimbi ya makala ija inali ndi katambala kachitsulo pamwamba pake. Ukakankhira katambalako kumbuyo, chivundikiro chinkatseguka, n'kuonekera m'kati mwakuda bii, monunkha phulusa lakale. Inabwera kuno ku America m'sutikesi yanga, itakulungidwa m'chitenje. Amayi ndiwo anaiitanitsa pa foni. Anati inali yawo kuyambira asanakwatiwe, ndipo sankafuna kuti ithere dzimbiri pakhonde pa azakhali ku Bangwe. Kulemera kwake kunachititsa kuti nsapato zanga zakusukulu zitsale ku Chileka. Amalume atatsegula sutikesiyo ku Woodbridge, kumene tinkakhala, anaseka mpaka kutsokomola, nati dziko lonseli la magetsi, mwana wawoloka nyanja atasenza chitsulo cha makala. Nsimbiyo inapatsidwa ntchito yochinjiriza chitseko cha kukhitchini kuti chisamadzitseke, ndipo inakhala pamenepo miyezi yambiri.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi anandisiya kwa azakhali ndisanayambe n'komwe kuguluka mano, ndipo pamene ndinkawapeza kuno tinali ngati anthu awiri amene angokumana m'basi. Ankandifunsa ngati ndakhuta, ine n'kuvomera. Ankandifunsa ngati ndikumva kuzizira, ine n'kukana. Nkhani inkathera pomwepo. Kusukulu zinali chimodzimodzi. Aphunzitsi anga ankayankhula nane pang'onopang'ono, mosamala ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala, koma Chingerezi chinkandikakamira pakhosi. Ku Bangwe ndinali mtsikana wodziwa zinthu. Ndinkatunga madzi, kukoleza mbaula, kuchapa, kubereka mwana kumsana uku ndikusesa. Kuno zonsezo zinalibe ntchito. Madzi ankabwera okha, moto unkayaka wokha, zovala zinkazungulira zokha m'makina. Tsiku lina ndinachapa masokosi anga n'kuwayanika pakhonde la fulati yathu. Mawa lake kunabwera mkulu woyang'anira nyumbazo kudzanena kuti kuno sitiyanika panja. Ndinamvetsera ndili kuseri kwa chitseko, ndipo kuyambira pamenepo manja anga ndinkangowasunga m'matumba.

Amayi ankagwira ntchito yosamalira agogo ena achizungu ku Falls Church. Ntchitoyo anawapezera mayi wina wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, ndipo inali yoyamba yokhazikika chibwerereni kuno. Ankanyamuka kusanayere, amalume n'kuwaperekeza pa takisi yawo msewu wa 95 usanadzaze. Agogowo anali atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi. Miyendo inali itafooka, mutu nawo unali utayamba kutaya zinthu. Ankakhala tsiku lonse osanena kanthu, maso ali pawindo. Mwana wawo mmodzi yekha ankakhala kutali, kumadzulo kwenikweni kwa dziko lino, ndipo kwa nthawi yaitali ankafuna kuwapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Koma pamene mutu unali udakali bwino, agogowo anagwirapo dzanja la amayi n'kuwapempha kuti asadzalole kuti achotsedwe m'nyumba imene analowamo ali mkwatibwi. Amayi sanali munthu wolonjeza chisawawa, koma pamenepo analonjeza.

Sukulu zitatsekera nyengo yotentha, ndinayamba kupita nawo kuntchito chifukwa panalibe wotsala nane. Ndinkakhala pakona pabalaza ndi buku la zithunzi, osapuma mokweza.

Mphepo inabwera madzulo ena tili komweko. Kunja kunali kutatentha tsiku lonse, kutentha konyowa kumene kumamata malaya kumsana. Kenaka kumwamba kunachita mdima wobiriwira, mitengo ikuluikulu ya mumsewumo n'kuyamba kugwada. Tinamva kuthyoka kwa nthambi, kenaka kuphulika chapatali, ndipo nyumba yonse inangoti zii. Firiji inasiya kulira, makina oziziritsa m'nyumba nawo anasiya. Kutacha tinaona mitengo itapingasa msewu, mizu ili m'mwamba, mawaya ali lende pakapinga. Mayi amene ankasinthana shifiti ndi amayi anaimba foni kuti mtengo wagwera galimoto yake ndipo sabwera. Palibe amene ankadziwa kuti magetsi ayaka liti.

Pofika masana chipinda cha agogo, chimene chinali pamwamba, chinali ngati uvuni. Amalume anafika atazungulira misewu yambiri, maloboti onse atathima, atanyamula ayisi, thumba la makala awo owotchera nyama, ndi nsimbi ija, imene amayi anawauza kuti asaiiwale. Nthawi imeneyi sanaseke. Iwo ndi amayi ananyamula agogo pampando n'kutsika nawo masitepe kupita kuchipinda chapansi pa nyumba, kumene kunali kozizirirapo ndipo kunali chitseko chotulukira kuseri. Anawayalira bedi kumeneko, pafupi ndi makina ochapira amene tsopano anangoti duu ngati ng'ombe zokhuta.

Vuto linali nsalu. Munthu wogona pabedi m'nyengo yotentha chotero amatuluka thukuta, amatayikira chakudya, nthawi zina amadzionongera. Amayi ankasintha nsalu za pabedi kangapo patsiku, ndipo mulu wa zakuda unkakula pakona, fungo lake likukwera masitepe. Mukabati munatsala nsalu zochepa. Amalume anakayang'ana malo ochapitsira zovala a ku Seven Corners, nawapeza onse ali mumdima. Kenaka mwana wa agogo anaimba. Amayi anamvetsera atakhala m'takisi, foni ili pa chaja. Iye anati ndege zikuvuta koma abwera, ndipo misewu ikangotseguka kubwera namwino woyendera odwala m'makomo. Namwinoyo akapeza chilonda pathupi, kapena akaona kuti zinthu sizili bwino, ambulansi idzawatenga tsiku lomwelo. Tonse tinkadziwa kuti akatuluka m'nyumbamo sadzabwereranso.

Amayi anatsika m'galimotomo, naima pang'ono padzuwa. Kenaka anatulutsa chitenje m'chikwama chawo, namanga m'chiuno pamwamba pa yunifolomu.

M'chipinda chapansimo munali masinki awiri akuluakulu a simenti amene palibe ankawagwiritsa ntchito. Madzi a pampopi ankatulukabe, ndipo chitofu cha kukhitchini chinali cha gasi, choncho chinkayaka ndi machesi. Amayi anatereka madzi mumphika waukulu, nanyika nsalu, nandiuza kuti ndikakhale panja pamthunzi chifukwa fungo lingandidwalitse. Sindinapite. Ndinakwera pa kabokosi, n'kutenga mtanda wa sopo, n'kugwira nsalu imodzi pamene panali thimbiriro. Manja anga anakumbuka okha. Ndinapaka sopo, kufikisa nsalu pakati pa zibakera, kuviika, kufikisanso, thovu likutsika m'zigongono. Phokoso lija la nsalu yonyowa ikamalira m'manja ndinali nditalisowa ngati mmene umasowera mawu a munthu.

Nditatukula mutu ndinapeza amayi asiya kuchapa, akundiyang'ana.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Azakhali."

"Unkachapa za nyumba yonse?"

Ndinavomera ndi mutu, monyada. Amayi anakonza duku lawo limene silinali lopotoka, n'kubwerera pasinki. Panthawiyo ndinaganiza kuti andiyamikira m'njira yawo yachete. Lero ndili ndi mwana wanga, ndipo ndikudziwa kuti mayi akaona mwana wake wodziwa ntchito kuposa msinkhu wake samangoona luso lokha. Koma zimenezo ndi za lero. Tsiku limenelo tinagwira nsalu yoyamba, iwo mbali iyi ine mbali iyo, n'kuyamba kupotokola, wina kumanja wina kumanzere. Nsaluyo inapindika ngati njoka, madzi akuchucha pasimenti. Iwo anakoka mwamphamvu, ine n'kuterereka kukagwa chagada m'thovu. Aka kanali koyamba kumva amayi akuseka kuchokera pansi pa mimba, ndipo ndinasekanso ndili pansi pomwepo.

Kuseri kwa zitini za penti tinapeza thabwa lochapira, lokhala ndi lata la mizeramizera pakati. Pambali pake panali chofinyira zovala, chokhala ndi mipini iwiri yozungulira ndi chogwirira chopukusa. Kwathu tinkachapira pamwala ndi m'manja, choncho thabwalo silinatiuze kanthu. Amayi analigoneka chafufumimba pamwamba pa sinki n'kuyamba kuyeserera.

Mawu anachokera kubedi, owuma koma omveka bwino, akuti si choncho, thabwa limaimikidwa m'madzi, miyendo yake pansi.

Tinatembenuka tonse. Agogo anali atadzutsa mutu pa pilo, maso ali gwa pa ife. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti panali patatha miyezi asanamve mawu olumikizana chotero pakamwa pawo. Anaimika thabwa lija m'sinki, nalitsamiritsa pamimba, n'kukhula nsalu kutsika nayo. Linalira kwerr, kwerr, ndipo agogo anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene wapeza mwana womva. Kuyambira pamenepo anakhala kapitawo wathu. Zoyera ziyambe, zamitundu zitsatire m'madzi omwewo. Zoyera ziwiritsidwe. Mabatani apindiridwe m'kati asanalowe m'chofinyira, apo ayi athyoka. Zala zitalikire mipini. Dzina la mwana wawo ankaliiwala, tsiku la sabata sankalidziwa, koma dongosolo la kuchapa linali lonse m'mutu mwawo, losasowa kanthu. Atafunsa za buluu, amayi anaseka n'kuwauza kuti kwathu nakonso timathira buluu m'madzi otsukuluzira. Amalume anakam'peza m'kasitolo ka anthu a ku El Salvador, kamene kankagulitsa malonda ndi tochi.

Chingwe chinali cha amalume, chokokera galimoto ikafa. Anachimanga kuchokera pamtengo kukafika pampanda. Ndinayanika ndekha, ndikudumphira, ndipo nsalu zoyera zinadzaza kuseri kwa nyumba, zikuwomba ngati zikuombera m'manja. Ndinayang'ana uku ndi uku kudikira munthu woti abwere kudzanena kuti kuno sitiyanika panja. Sanabwere aliyense. Dzuwa lomwe lija limene linkafuna kutipha linaumitsa nsalu zonse tisanamalize kuchapa zotsatira. Poanula ndinkaika nkhope yanga m'menemo. Zinkanunkhira dzuwa, sopo ndi udzu wodulidwa.

Kusita tinkasitira panja pa chitseko cha kuseri, patebulo loyalidwa bulangete. Ntchito ya moto inali yanga. Ndinkakoleza makala m'chiwaya cha amalume, kusankha ofiira bwino, kuwaika m'nsimbi, kutseka katambala, kenaka kuikupiza m'mwamba ndi m'munsi mpaka timabowo ta m'mbali titayamba kupenya ngati maso. Amayi ankanyowetsa chala ndi malovu n'kukhudza kunsi kwake. Ikati tsi, ndiye kuti yapsa. Ankawaza madzi pansalu ndi zala, nsimbi n'kudutsa, nthunzi n'kukwera ndi fungo lija la Loweruka madzulo kwathu, anthu akamakonzekera za kutchalitchi. Amalume anafunsa kuti kusita nsalu za pabedi m'mavuto ngati amenewa n'kwa chiyani. Amayi anati khwinya limodzi pansi pa munthu wosatembenuka yekha limakwana kutsegula chilonda. Ine tsopano ndine namwino, ndipo ndaphunzira zimenezi m'mabuku a mayina ataliatali. Palibe buku limene linanena momveka kuposa pamenepo.

Nthawi yovuta inali ya chisisira. Dzuwa likamalowa agogo ankasokonezeka. Ankafuna kudzuka, ankakoka nsalu, ankakana chakudya, ndipo mdima wa m'chipinda chapansi unkawonjezera mantha awo. Mabatire a tochi anali atatha m'masitolo, ndipo amayi sankafuna kandulo pafupi ndi munthu wogwedeza manja. Madzulo aliwonse agogo ankafunsa funso limodzimodzi, ngati bambo woyatsa nyali wadutsa kale. Tinkangoti ndi za m'mutu mwawo.

Amalume ndiwo anazindikira. Pabwalo la kumaso kwa nyumbayo panali mzati wachitsulo wakuda, utakutidwa ndi zomera zoyanga, pamwamba pake pali kanyumba ka magalasi. Ine ndinkayesa n'kodyetsera mbalame. Iwo anasadza zoyangazo, nasuzumira m'kati, napeza kuti ndi nyali ya gasi, yolumikizidwa ku paipi ya nyumba, imene inazimitsidwa kalekale. Ali mnyamata ankagulitsa m'golosale ya agogo anga ku Ntcheu, ndipo kuyatsa nyali yopopa inali ntchito yawo. Anati nyali zonsezi ndi pachibale. Anakagula timatumba toyera timene timamangidwa m'kati mwa nyali zotere, kusitolo ya zinthu za anthu okagona kutchire. Anatsuka magalasi ndi nyuzipepala, namangirira timatumbato, natiotcha ndi machesi mpaka titasanduka phulusa loyera lolendewera, losafuna ngakhale mpweya wa munthu. Kenaka anapotokola kasikuluwu ka m'munsi. Ndiyenera kunena kuti lero munthu atandiuza kuti akufuna kuchita zimenezi, ndingamuletse n'kumuuza kuti aitane a kampani ya gasi. Amalume anangonunkhiza paipi, naipaka thovu la sopo kuti aone ngati ikutuluka mpweya, napemphera mwachidule, n'kukhwatcha machesi.

Poyamba kunangomveka kulira kwa sss. Kenaka timatumba tija tinafiira, tinayera, ndipo kuwala kunatuluka kofewa, koyera mobiriwira pang'ono, kukafika pamasitepe, pakapinga, mpaka pamtengo wogwa wa kutsidya kwa msewu. Mumsewu wonsewo, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, nyali yoyaka inali imeneyo yokha.

Tinawakweza agogo panjinga yawo ya odwala n'kuzungulira nawo nyumba kudzera pakapinga. Atafika pakona n'kuona nyaliyo, manja awo amene ankakoka nsalu anagwa pamiyendo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayamba kufotokoza, amayi akundimasulira pamene ndasochera. Anati ali kamtsikana mumzinda wa Washington, mumsewu wawo munali nyali zotere, ndipo madzulo aliwonse kunkabwera bambo wonyamula kamakwerero paphewa. Ana ankamutsatira kuchokera pamzati wina kufika pa wina, ndipo akayatsa ya pakhomo pawo inali nthawi yolowa m'nyumba. Anati mwamuna wawo anaika nyali iyi pabwalo chifukwa iwo ankaisowa ija. Madzulo amenewo anadya mbale yonse, amayi akuwadyetsa pansi pa nyaliyo, agulugufe ausiku akugunda magalasi.

Anthu oyandikana nawo anayamba kutuluka. Poyamba anaima patali, kenaka anabwera ndi mipando yopinda. Anali anthu amene amayi ankangowaona akulowa m'galimoto ndi kutuluka m'galimoto. Nyama inali ikusungunuka m'mafiriji a aliyense, choncho aliyense ankawotcha, ndipo mbale zinkayenda kuchokera dzanja lina kupita lina. Amalume anakhala bwana wa nyali, akufotokoza za ku Ntcheu kwa anthu amene sankadziwa kuti Malawi ali mbali iti. Ziphaniphani zinkathwanima m'mipanda, nyenje zikulira m'mitengo yotsala. Amayi ankabweza agogo kukagona mdima usanakhwime, ndipo ankagona tulo mpaka kucha.

Mawa lake mayi wina wa khanda anagogoda kuseri, atanyamula dengu la tizovala, akufunsa mwamanyazi ngati tingamuonetse mmene tikuchitira. Amayi anali akusambitsa agogo, choncho anangoti, "Pita ukawathandize." Ndinamuonetsa. Kenaka kunabwera ana a nyumba zina, atatopa ndi kukhala opanda wailesi yakanema, akulimbirana kupukusa chofinyira. Ndinawaika pamzere. Wina ndinamuuza kuti apukuse pang'onopang'ono, wina achotse zala, wina abwerezenso chifukwa kolala idakali yakuda. Mabulangete tinkawaponda ndi mapazi m'bafa la pulasitiki, tikuimba nyimbo ya kwathu imene iwo ankangoilira mapeto ake. Dzuwa lili pamutu ndinazindikira kuti kuyambira m'mawa ndakhala ndikulamula anthu m'Chingerezi, ndipo palibe amene waseka. Chinali Chingerezi chothyokathyoka, koma chinkafika kumene ndachituma.

M'masiku omwewo agogo anayamba kuitana amayi ndi dzina lina, la Chingerezi, limene sitinalimvepo. Amayi anayesa kuwakonza kamodzi, agogo n'kukwinya nkhope ngati mwana wofuna kulira. Kuyambira pamenepo ankangoyankha. Pang'ono ndi pang'ono tinamva kuti linali dzina la mayi wina wakuda amene ankabwera Lolemba lililonse kudzachapa kunyumba ya makolo awo. Ankalowera khomo la kuseri, ankadyera kukhitchini, ndipo ndiye anawaphunzitsa agogo zonse zimene ankatiphunzitsa ife. Agogo ali mwana, mayiyo ankawanyamula kuwaika pabokosi kuti afikire sinki. Akaitana dzinalo, agogo ankamwa madzi onse amene apatsidwa, ankalola kutembenuzidwa, ankatsegula pakamwa kulandira mankhwala. Ine ndinkaona ngati amayi apatsidwa udindo waukulu, ngati mmene munthu amalowera dzina la mfumu.

Namwino ndi mwana wa agogo anafika tsiku limodzi, m'mawa, magetsi asanayakebe. Amayi anali atadzuka m'bandakucha. Anaphika sitachi pachitofu, nasita diresi la agogo la maluwa abuluu mpaka kolala inaima yokha. Anawapesa tsitsi n'kulimanga kumbuyo. Ine anandiuza kuti ndisambe, ndivale bwino, ndikhale pamasitepe osayankhula. Kuchokera pamenepo ndinkaona zonse.

Namwinoyo anali mayi wonenepa, wotopa, yunifolomu yake itanyowa ndi thukuta kumsana. Anali atayenda m'nyumba zambiri masiku amenewo ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti waona zoipa. Anayeza kutentha kwa thupi, anayeza magazi, anatsina khungu la padzanja kuti aone ngati m'thupi muli madzi okwanira. Kenaka iye ndi amayi anawatembenuza agogo, ndipo anayang'ana msana, m'chiuno, zigongono, zidendene, akuunika ndi katochi. Amayi anaima manja ali kumbuyo, ndipo ine ndekha, chifukwa cha pamene ndinakhala, ndinkaona kuti zala zawo zikupotokolana.

Namwino anazimitsa katochi kake. Anasisita nsalu ya pabedi ndi chikhatho, naiyandikiza kumphuno, nafunsa kuti tapeza kuti makina oyenda. Amayi analoza masinki, thabwa, ndi chingwe cha panja chimene chinkaonekera pakhomo. Namwinoyo anatuluka kukaima pakati pa nsalu zoyanikidwa. Atabwerera anauza mwana wa agogo kuti pathupi palibe chilonda ngakhale chimodzi, ndipo sakuona chifukwa chowachotsera pamalo pamene akusamalidwa chotere. Anawonjeza kuti agogo ake a iyeyo ankachapa chimodzimodzi ku Carolina, ndipo fungo limenelo anali ataliiwala.

Mwana wa agogo anali bambo wa imvi kale, wa magalasi, wooneka kuti sanagone. Nthawi yonseyi anali ataima pafupi ndi masitepe, chikwama chidakali paphewa. Anayandikira bedi n'kugwada. Agogo anamuyang'anitsitsa, kenaka anamuuza momveka bwino kuti malaya ake ndi okwinyika, awavule awapereke asitidwe. Bamboyo anaseka, kuseka kuja kunasanduka china, ndipo anavula magalasi n'kubisa nkhope m'nsalu ya pabedi. Atadzuka anagwira dzanja la amayi ndi manja ake onse awiri. Ananena kuti amayi ake akhala m'nyumba yawo, ndipo nkhani ya kunyumba ya okalamba yatha.

Malaya aja anavuladi. Ndinawasita ine, iye ataima pambali ndi vesiti yokha, akuyang'ana katambala.

Amayi sanalumphe kapena kululuta. Anadikira mpaka alendo atakwera pamwamba, kenaka anabwera pamasitepe, nandigwira mutu ndi manja awo okakala ndi sopo, nautsamiritsa pamimba pawo. Anangoti, "Tagwira ntchito, mwanawe." Liwu lakuti tagwira ndinayenda nalo masiku ambiri. Agogo anakhaladi m'nyumba yawo mpaka tsiku lawo lomaliza, patapita zaka ziwiri, ndipo amayi anali pambali pawo. Sukulu zitatsegulidwa aphunzitsi anatifunsa zimene tinachita patchuthi. Ndinaimika dzanja koyamba, ndipo ndinayankhula mpaka belu linalira, iwo atatsamira desiki, akumwetulira, osandidula.

Magetsi anayaka madzulo a tsiku lotsatira kubwera kwa namwino. Mumsewu monse anthu anakuwa ndi kuomba m'manja, mafiriji n'kuyamba kulira, mawindo n'kutsekedwa limodzi ndi limodzi. Mayi wosinthana ndi amayi uja anafika pa galimoto yobwereka, ndipo ife tinalongedza kubwerera ku Woodbridge. M'takisi ndinakhala kumbuyo, mtima uli m'mwamba ngati wa munthu wochokera kumpira timu yake itapambana. Amalume ankaimba nyimbo ya kwaya akumenya chiwongolero. Amayi anakhala kutsogolo, akupaka mafuta m'ming'alu ya zala zawo. Ndinkafuna kuti aseke ngati mmene anasekera tsiku la thovu lija. Ndinasendera kutsogolo, n'kuika chibwano pampando wawo, n'kuwaitana ndi dzina lija, ndikuyeserera mawu onjenjemera a agogo.

Amalume anasiya kuimba.

Amayi sanatembenuke. Anatseka kabotolo ka mafuta, nati, "Dzina limenelo lili ndi mwini wake. Iwe usadzanditchulenso choncho."

Sanakalipe, ndipo patapita kanthawi anandipatsira bisiketi kumbuyo. Ndinabwerera pampando wanga n'kudya, ndikuganiza kuti angotopa. Sindinkadziwa kanthu za tsankho la m'dziko lino, za mayi wa Lolemba uja, chifukwa chimene ankalowera khomo la kuseri, kapena chifukwa chimene mwana wa agogo, amayi atamufunsa, sanathe kutchula dzina la bambo ake a mayiyo kapena kumene ankakhala. Kwa ine zonse zinali zitatha bwino, ndipo zinathadi bwino. Ndinali ndisanafike pomvetsa kuti munthu angathe kuyankha dzina la wina masiku onse amene aja, mwaulemu ndi mwachifundo, kuti nkhalamba imwe madzi n'kugona tulo, koma osafuna kulimva ngakhale kamodzi pakamwa pa mwana wake.